Ingopitani Kotchipa, Mukachigwire Nyanga

Akuluakulu akale adati chili kwa mnzako umati chigwire nyanga. Ankanena za munthu amene wakwera pachulu, chilombo chikulimbana ndi mnzake pansi, iye n'kumakuwa malangizo: gwira nyangazo iwe, usachiope, n'chofatsa chimenecho! Masiku ano zilombo za nyanga zidachoka m'midzi, zotsala zili kumalo ngati ku Liwonde ndi ku Majete kumene amazilondera ndi mfuti. Koma anthu a pachulu aja sadathe. Ena ali m'maofesi, ena amayankhula pa wailesi, ena ali pa gulu la WhatsApp la banja, ndipo malangizo awo amakono ndi awa: "Mukudzivutitsiranji ndi mitengo ya pa okala? Pitani kusitolo yaikulu ija, zinthu n'zotchipa."

Kunama sakunama ayi. Sopo yemweyo, mchere womwewo, mafuta ophikira omwewo, m'sitolo yaikulu mtengo wake umatsikirapo ndithu. Eni sitolo amaoda katundu wodzaza malole, fakitale n'kuwatsitsira, iwonso n'kutitsitsirako pang'ono. Kungoti kutchipako kumakhala pashelefu, ndipo kuchoka pashelefupo kukafika mumphika wa munthu pali ulendo umene wa pachulu sauwerengera.

Wolangiza uja kawirikawiri amakhala ndi galimoto. Kwa iye kugula zinthu n'kungopatuka poweruka kuntchito. Mayi wa ku Bangwe kapena ku Chinsapo ayambe waganiza za minibasi, popita ndi pobwera. Pobwerapo kondakitala akangoona chigubu cha mafuta ndi belo la shuga, nkhope imasintha. "Katunduyo alipira, mayi." Mukakana ndiye muusenza pamiyendo mpaka pasiteji, chigubu chikukubayani m'mimba pa bampu iliyonse. Potsika wa kabaza akudikira, nayenso ali ndi masamu ake. Mukafika kunyumba n'kukhala pansi kuwerengera bwinobwino, mupeza kuti ndalama zimene mwapulumutsa zangokwanira ndendende kulipira ulendo wokazipulumutsawo.

Apatu tikunena za m'tauni. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi muno amakhala kumudzi. Kwa iwowa sitolo yotchipa ili paboma, ndipo kupitako ndi nkhani youza anansi dzulo lake kuti akutumeni. Kale ma PTC adali atamwazikana m'maboma ndi m'matauni ang'onoang'ono, munthu n'kumati ndikukagula buledi ku PTC ngati akupita kwa malume ake. PTC idatseka zitseko mu 2022. Kandodo idapita kalekale, kudangotsala dzina pa kona ina mu Blantyre. Shoprite nayo mu 2025 idalengeza kuti ikutsanzika. Masitolo amabwera n'kupita, koma amene alowa m'malo mwake amamanga komweko, kumene kuli tala ndi malo oimikapo magalimoto.

Malangizo achiwiri ochokera pachulu ndi okoma kuposa oyamba: "Muzigula zambiri kamodzi, zimatchipa." Zoonanso zimenezi. Chigubu cha malita 5 chimatchipa kusiyana ndi kugula kabotolo kamodzikamodzi. Koma kuti ugule malita 5 uyenera kukhala ndi ndalama ya malita 5 lero lomwe, ndipo waganyu amalandira ya tsikulo, imene imafika kunyumba itagawidwa kale. Nkhuku zozizira zikatsika mtengo, wa filiji amatenga zisanu. Wopanda filiji akatenga zisanu ndiye kuti waitana chikondwerero, chifukwa zonsezo zidyedwe dzuwa lisanalowe kawiri. Kalembera yemwe uja adapeza kuti mabanja ongopitirira pang'ono 11 mwa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi. Nawonso a filiji asadzitame kwambiri, magetsi akathima tsiku lonse nkhuku zija zimayamba kudzilengeza zokha kwa anansi. Mwachidule, sitolo yotchipa imatsitsira mtengo munthu amene ali nazo kale, ndipo wosauka ndiye amagula modula.

Tiyeni tsono tifike pakhomo. Pali mlonda, ndipo mlondayo ali ndi diso lake. Lamulo limati zikwama zizisiyidwa pakhomo, upatsidwe kanambala. Bwana wa suti amadutsa ndi chikwama cha laputopu akupatsidwa sawatcha. Mayi wa chitenje ndi patapata amauzidwa kuti asiye ngakhale kajumbo ka masamba kamene wagula panja. Ukavala mosasangalatsa diso lija, sitolo imakupatsa wokuperekeza waulere: mnyamata wa yunifomu amene amapezeka akukonza shelefu iliyonse imene iwe waimapo. Ukapita ku sopo, nayenso sopo wamusokonekera. Ukapita ku mchere, wafika kale.

Koma amenewa alowa ndi miyendo yawo. Chilombo chenicheni chimadikira munthu wa njinga ya aulumali.

Dziko lino lidakhazikitsa lamulo loona za anthu aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 lidabwera lina latsopano m'malo mwake. Mwa zina, malamulowa amafuna kuti nyumba zofikamo anthu onse zizikhala zoti aliyense athe kulowamo. Sikuti tikunena za anthu owerengeka. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Tiyamikeko kuti masitolo ambiri omangidwa posachedwapa ali ndi kanjira kotsetsereka pambali pa masitepe. Funso n'lakuti adakamanga ndani. Timanjira tina mukationa mumadziwiratu kuti mmisiri wake adauzidwa Lachisanu madzulo kuti oyendera akubwera Lolemba. Kutsetsereka kwake n'koti pokwera pamafunika anyamata awiri okankha, potsika pamafunika pemphero ndi wina woimitsa magalimoto kumunsi. Kanjira kakamangidwa bwino, upeza pakamwa pake paimikidwa galimoto, mwini wake "wangolowa pang'ono". Kopanda galimoto, pamwamba pake aunjikapo makireti a zakumwa, poti ndi pokhapo pamene anyamata otsitsa katundu aona kuti ngolo yawo imayenda bwino. Kunena zoona, timanjira tambiri timeneti timatumikira makireti mokhulupirika kuposa anthu.

Wadutsa zonsezi, m'masitolo ena akumana ndi kachitsulo kozungulira kolowera mmodzimmodzi, kamene adakaika poopa akuba. Wakuba amakadutsa bwinobwino, ndi wowonda komanso wachangu. Wokanika ndi wa njinga, wa ndodo ziwiri, ndi mayi wonenepa amene wabereka mwana kumsana. Kumbukiraninso kuti njinga zambiri za aulumali kuno kwathu ndi zija za matayala atatu, zopalasa ndi manja. Ndi zazitali, zopangidwira msewu wafumbi ndi ulendo wautali. Kuilowetsa pakati pa mashelefu, pamene pakatikati aikaponso mulu wa mabisiketi a promoshoni, ndiye kuti potuluka ubwerera chambuyo mpaka pakhomo.

Amalawi ndife achifundo, zimenezo palibe angatsutse. Chifundo chathu chimangokhala chopanda funso. Anyamata anayi amangotulukira, kunyamula munthu ndi njinga yake yomwe, kumukweza masitepe, kumutsitsa pamene iwo aona kuti mpabwino, n'kumachoka akupukuta manja mokhutira. Mwina munthuyo amadikira mkazi wake panja. Ndiye pali chizolowezi china chofunsa woperekeza m'malo mwa mwini wake: "Akufuna chiyani awa?" Munthu wamkulu, ndalama ndi zake, mwina ndi mphunzitsi wa sekondale, koma poti wakhala pansi ayankhulidwa kudzera mwa mdzukulu wake wa sitandade 4.

Mashelefu nawo ali ndi ndale zawo. Eni masitolo padziko lonse amadziwa kuti munthu amatenga chimene chili pamaso pake, n'chifukwa chake katundu wopindulitsa kwambiri amamuika pamene maso a munthu woimirira amafika. Wotchipa amakhala pansi penipeni kapena pamwamba penipeni. Agogo a msana wovuta akawerama kuti atenge mchere wotchipa pansipo, kudzuka kwake kumafuna komiti. Wa njinga amangoyang'ana tiyi wotchipa ali m'mwamba, n'kutenga wodula amene dzanja lafikira. Ndiye wina pachulu adzafunsa kuti bwanji anthu ena sadziwa kusankha.

Wosaona ndiye adalandidwa zambiri pamene malonda adasiya kuyankhula. Pa golosale yakale umangofika n'kunena chimene ukufuna, wogulitsa n'kukupatsa m'manja, n'kukuuza mtengo ndi pakamwa. Sitolo yamakono imati dzitengere wekha. Koma m'manja chitini ndi chitini basi. Cha jamu, cha nyemba, cha nsomba, cha polishi wa pansi, zonse n'zozizira ndi zobulungira mofanana. Ndalama zamapepala zimene Reserve Bank idatulutsa mu 2012 zili ndi zizindikiro zotukuka zoti wosaona azisiyanitsa pokhudza, ndipo limenelo lidali ganizo labwino. Koma K500 imene yadutsa pamsika wa nsomba, pachiwaya, m'thumba la kondakitala ndi pamfundo ya chitenje, zizindikiro zija zimakhala zitapita kale, chotsala ndi fungo lokha. Mitengo pashelefu imalembedwa timalemba ting'onoting'ono. Anthu achialubino, amene kalembera uja adawapeza opitirira 134,000, ambiri amavutika kuona zinthu zazing'ono, ndiye ayenera kugunditsa mphuno pashelefu kuti awerenge, mnyamata wa yunifomu uja akuyang'anitsitsa. Tsiku loti chinthu chiwonongeka amalibisa pansi pa chitini, mwina pakhosi pa botolo, m'Chingerezi chofupikitsa chimene ngakhale wa MSCE amayamba wakanda mutu. Ndipo si mwangozi kuti zinthu zambiri zotsitsidwa mtengo kwambiri ndi zimene tsikulo layandikira. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pali amene sitolo yotere imawakomera, tisabise. Munthu wosamva amapuma akalowa muno, chifukwa mtengo walembedwa, palibe kukanganirana. Wamanyazi naye amapuma. Kumsika wogulitsa amayamba wayang'ana nsapato zako asanatchule mtengo wa tomato, pamene muno mtengo ndi umodzi kwa nduna ndi kwa mlonda wake. Chosowa ndi basela. Ungagule zodzaza kangolo, palibe adzakuponyeremo kaanyezi kamodzi koti ubwerenso. Wosamva uja mtendere wake umathera patilu, pamene asisi amafunsa mafunso atatu nkhope ili pa kompyuta, milomo osaoneka, kenako n'kukwiya kuti kasitomala uyu ndi wamwano.

Patilu ndi pamene nyanga zimathwa. Matilu amakhala ambiri, ogwira ntchito atatu. Kumapeto kwa mwezi mzere umakhota mpaka kumafiliji a nyama, ndipo woimirira ndi ndodo, mayi woyembekezera ndi mnyamata wogula chakumwa chimodzi onse ali mumzere womwewo. Malo ena amapachika chikwangwani choti okalamba ndi amayi oyembekezera atsogole. Chikwangwanicho chimagwira ntchito ngati agogowo ali ndi mtima wopirira maso a anthu makumi awiri amene mwadzidzidzi onse ayamba kuwerenga mauthenga pafoni.

Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo idayamba kuthamanga kuposa mnyamata womata timapepala pashelefu. Ndiye pashelefu pamanena zina, kompyuta ya patilu n'kunena zina, ndipo pa awiriwa wopambana amadziwika. Bungwe loteteza ogula la CFTC limalandira madandaulo otere, koma munthu amene wasiya mwana kwa aneba sangayambe kulemba kalata chifukwa cha majarini. Chimene chimachitika ndi mwambo wochotsa. Mayi wawerengera m'mutu njira yonse, wafika patilu, chiwerengero chatuluka choposa zimene wafumbata.

"Chotsani majariniwo, asisi."

"Zatsalabe, mayi."

"Chotsaninso sopo mmodzi."

Kuchotsa chinthu mu kompyuta si ntchito ya munthu wamba. Pamafunika supavaiza, amene ali ndi kiyi, amene pa nthawiyo ali kuseri kosungira katundu. Asisi amakuwa dzina lake sitolo yonse kumva. Mzere wonse tsopano ukudziwa kuti kunyumba kwa mayiwa mwezi uno buledi adyedwa wouma. Kumbuyo kwawo kuli bwana wa kangolo kodzaza, akuliza makiyi a galimoto, akuusa moyo mokweza. "Anthu aziwerengera asanabwere kuno," akutero, osayang'ana munthu, koma mokwanira kuti aliyense amve.

Mayi achoka. Bwana atulutsa khadi la kubanki monyadira. Asisi alilowetsa m'kamakina, adikira, alitulutsa, alipukuta pa siketi, alilowetsanso. Akweza kamakinako m'mwamba kuloza kudenga.

"Netiweki yavuta, bwana. Muli ndi kashi?"

Bwana alibe kashi. Ayesa Airtel Money, uthenga sukubwera. Ayesa Mpamba, muli ndalama ya mayunitsi okha. Ayamba kuimba foni mokweza, m'Chingerezi, kuti mzere udziwe kuti ndalama zilipo, zangotsekeredwa penapake. Chilombo chija chasiya mnzake, chakwera pachulu. Ndipo kumbuyo kwake wina wapezeka kale wonena kuti anthu aziyenda ndi kashi.

Za K4,999 sindinenapo zambiri. Kwacha imodzi yotsalayo palibe adaionapo, ndipo woifunsa amayang'anidwa ngati wapempha impso. Jumbo nayo ndi yogula. Majumbo opyapyala osafika ma micron 60 boma lidawaletsa mu 2015, nkhani n'kukhala m'makhoti zaka zambirimbiri, koma kwa wogula chimene chidasintha n'chakuti patilu pamabwera funso lina lofuna ndalama. Woiwala chikwama kunyumba amatuluka atakumbatira buledi, sopo ndi mazira pachifuwa, lisiti ataluma ndi mano, poti pakhomo mlonda alifuna kuti alichonge. Amaliyang'ana mozama, kuyang'ana katundu, kulikhwatcha ndi cholembera. Chimene amawerenga pa lisiti lalitali mkono wonse m'masekondi awiri, ndi iye yekha akudziwa.

Nthawi imene tonse tidatsika pachulu idali ya shuga, mu 2024. Dziko lolima nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa lidapezeka likuima pamzere kufuna paketi imodzi. Masitolo adayamba kugawa, mapaketi owerengeka pa munthu aliyense, ndipo mabanja adaphunzira luso latsopano, losadziwana. Bambo kutsogolo, mayi anthu asanu kumbuyo, wantchito wa m'nyumba mzere wina, mwana wachisamba atavala chipewa. Anthu ogona nyumba imodzi kudutsana osapatsana moni, n'kukakumana koimika magalimoto aliyense ndi mapaketi ake. Apanso kutchipa kudasankha anthu ake. Mphekesera ikamveka kuti lole yafika, oyamba kufika adali a miyendo yamphamvu ndi zigongono zakuthwa. Agogo, wa ndodo yoyera ndi wa njinga ankafika shelefu ili mbee. Shuga yemweyo ankapezeka panja pa sitolo pomwepo, pa kathebulo ka venda, mtengo utakwera, ndipo pamenepo padalibe mzere kapena masitepe.

Mapeto ake katundu wa m'sitolo yotchipa amafika ndithu kwa onse amene sitoloyo idawalephera, kungoti amadzera njira ina. M'mawa uliwonse mwini okala amakwera njinga yake kukagula belo la shuga, katoni ya sopo ndi chigubu cha mafuta. Iye ndiye amachigwiradi nyanga chilombochi, tsiku ndi tsiku, mopanda malangizo a munthu. Akafika amaphwanya zonse. Shuga amamuthira m'timapepala tokwana tiyi wa m'mawa umodzi, mafuta m'timachubu tokwana ndiwo za madzulo amodzi, sopo wamtanda amamudula zidutswa, ufa amaumanga mawokomani. Mukawerengera pa supuni, palibe malo odula m'Malawi muno kuposa pawindo la okala. Aliyense amadziwa zimenezi, ngakhale agogo amene sadapite kusukulu.

Koma pawindopo palibe sitepe kapena kachitsulo kozungulira. Wa njinga ya matayala atatu amaima pomwepo n'kuitana. Wosaona amanena chimene akufuna, amamva mtengo ndi khutu, ndipo chenji amamuwerengera m'manja. Agogo sapita n'komwe, amatuma kamdzukulu ndi ndalama yomanga pansalu, ndipo mwini okala akaona kamwanako amadziwa kale kuti ndi tiyi wa Chombe ndi machesi. Netiweki ya pamenepa ndi kope la sukulu lokhala pansi pa kauntala, limene masamba ake adadzaza mpaka pachikuto: amayi a kuseri kwa tchalitchi, mchere ndi mafuta, aphunzitsi, mazira atatu, alipira pa 27. Pamwamba pa windo, ndi penti yofiira, palembedwa kuti ngongole mawa.